Ulusi Womwe Ndinaba

Ndikukumbukira fungo la simenti yonyowa kuseri kwa nyumba yathu ku Ngokwe. Bambo anali mmisiri womanga, ndipo ankadziwika ndi mitanda ya simenti yoika pamwamba pa chitseko. Zitsulo zinali zosowa, choncho ankaika ziwiri zokha zoonda kunsi, kenaka n'kusakaniza ulusi wa khonje m'simentimo. Ankati chitsulo chimagwira pakati, koma kumapeto, kumene mtanda umakonda kung'ambika mopendekera, kumagwira ndi ulusi.

Anali ndi mwambo wawo. Asanapange mitanda ya nyumba ya munthu, ankaumba umodzi woyesera. Ukauma ankaukhazika pa miyala iwiri, n'kuneneratu pamaso pa mwini nyumba kuti usenza njerwa zofika pati komanso uyambira pati kung'aluka. Anali asanaphonyepo, ndipo kunena zoona ankadzimva nazo.

Ntchito yanga inali kudula ulusiwo, kutalika ngati chala. Unkayabwa koopsa, manja ankachita kufiira. Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 4, ndipo atsikana anzanga onse anali ndi chingwe cha jingo kupatula ine. Nditaona ulusi woyera bwino wa mtanda wa Che Yusufu, wogula thonje yemwe ankamangira amayi ake nyumba, mtima unagonja. Woposa theka ndinaubisa, n'kukapota chingwe kuseri kwa khola. Wotsalawo ndinauwaza ndekha m'simenti Bambo atapita kukatunga madzi.

Tsiku loyesa, anthu anadzaza pabwalo. Bambo anagogoda mtanda ndi chipande, n'kunena monyadira:

“Njerwa zifika m'chiuno mwangamu. Ukatero ung'aluka apa, pafupi ndi mwala, koma sugwa ayi.”

Njerwa zitangofika m'mawondo, panamveka kuti thyo! Mtanda unaduka pafupi ndi mwala n'kugwa nthawi yomweyo, fumbi kobo. Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali.

“Iyayi, amisiri,” anatero Che Yusufu motsitsa mawu. “Pakhomo pamenepo azidutsa ndi amayi anga. Bola ndikafune wina ku Ntaja.”

Bambo anatola chidutswa, n'kuyang'ana podukapo. Panali mbee, ulusi wongowerengeka. Anandiyang'ana kamodzi kokha, kenaka anati, “Pepani. Ndalakwitsa ndine.”

Ndikanatha kukhala chete, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinali ndisanaonepo Bambo atazolika chonchija, ndipo zinandipweteka kuposa mkwapulo uliwonse. Ndinathamangira kukhola, n'kubwera ndi chingwe chija, mamina ali chuchuchu.

“Ulusi wake ndi uwu,” ndinatero.

Che Yusufu anachitenga, anachikoka mwamphamvu, osaduka. Anaseka mpaka kugwira chisoti chawo. “Mwanayu amadziwa kupota! Umbani wina, amisiri, ndidikira.”

Chilango changa chinali kumasula chingwecho ndekha, n'kuchidula tizidutswa, Bambo ataima pomwepo. Ndinalira pa kadutswa kalikonse. Masabata anayi otsatira ndinkathirira mtanda watsopanowo m'mawa uliwonse. Pouyesa, njerwa zinafika m'chiuno, mng'alu unatuluka mopendekera pamalo pomwe Bambo analoza, koma mtandawo sunagwe. Mkati mwa mng'alumo, timaulusi tinali titakokeka, titagwira mbali zonse ziwiri.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana wanga wamkazi anaphunzira za zomangamanga, ali ku Balaka. Akuti iwo amathira timawaya m'konkire, ndipo kompyuta imawauziratu katundu yemwe mtanda ungasenze asanauumbe n'komwe. Ndinamufunsa ngati kompyutayo imadziwanso kuti wosakaniza waba theka. Anaseka, n'kuvomera kuti imangokhulupirira zomwe wauzidwa.

Bambo nawonso anandikhulupirira, ndipo sanasiye kutero. Anamanga mpaka maso atafooka, ndipo zaka zonsezo ulusi ankandipatsabe ine kuti ndidule, osabwera kudzaona ngati wakwana.