Mdzukulu Wanga ndi Anthu a M'mapanga

Ndinkasenda chinangwa kuseri kwa nyumba yathu ku Kande, dzuwa lisanawawe, pamene mwana wanga wamkazi anaimba foni kuchokera ku Ulaya kumene anakwatiwa.

"Ama, mdzukulu wanu tamuyezetsa malovu kuti tidziwe komwe makolo ake anachokera. Akuti ali ndi kamagazi ka anthu ena akalekale, otchedwa Aneandatali. Kadzera kwa bambo ake."

"Ndi a fuko lanji amenewo?" ndinafunsa.

Anaseka. Anati sanali anthu ngati ifeyo ndendende. Anali ojintcha, a mphuno zazikulu ndi zipumi zotulukira, ndipo ankabisala m'mapanga kuthawa chisanu. Anthu athu atachoka ku Africa anakawapeza kumeneko, ena n'kuberekerana nawo ana. Kenako mtunduwo unatha.

"Nanga ankayankhula?"

"Palibe akudziwa bwinobwino, ama. Akuti kafupa ka pakhosi kamene anakafukula n'kofanana ndi kathu. Koma mawu sasiya mafupa."

Foni itaduka ndinaika mpeni pansi. Ndinakumbukira tsiku limene mkamwini wangayo anafika koyamba pakhomo pano. Chitonga sankachidziwa, Chichewa ankangoti zikomo basi. Malemu amuna anga anam'patsa mpando pansi pa mtengo wa mango, n'kupitiriza kusoka ukonde. Mlendoyo anayang'anitsitsa, kenako anatambasula dzanja kupempha chosokera. Anasoka mokhotakhota, amuna anga n'kumamasula, iye n'kuyambiranso. Mpaka masana sanauzane liwu lomveka, koma kuseka kwawo kunkafika kukhitchini.

Masana a tsiku la foniyo ndinapita kukaviika chinangwa kudambo. Nditaima m'madzi ofika m'mawondo, maganizo ananditenga. Ndinaona mayi wa chipumi chotulukira atakhala pakhomo pa phanga, atafunda chikopa, mpweya ukutuluka m'kamwa mwake ngati utsi. Patsogolo pake panaima mwamuna wamtali, wakuda ngati achimwene anga, akunjenjemera ndi chisanu. Mayiyo anasendera pang'ono kum'patsa malo. Anatchula kanthu ndi mawu okhuthala, akuloza madzi. Mwamunayo anabwereza, n'kulakwitsa. Kenako ndinaona khanda pamiyendo pa mayiyo, iye akuliimbira. Ndinatchera khutu kuti ndimve ngati nyimboyo inali ndi mawu, koma mayi wina amene ankavuula chinangwa chake pafupi anandidzidzimutsa.

"Mwaima nthawi yaitali, mukudwala?"

Ndinangoti ayi, ndikuganiza za apongozi.

Chaka chotsatira mdzukuluyo anabwera kudzationa, ali ndi zaka zinayi. Pomusambitsa ndinam'papasa pachipumi, ndinam'gwira kamphuno, kufunafuna mayi wa kuphanga uja. Sindinapeze kanthu, koma makutu okha, otambalala ngati a agogo ake, malemu amuna anga. Iye anandikankha dzanja, nayankhula zambirimbiri m'chiyankhulo cha kwa bambo ake, akuloza nkhuku imene inalowa m'bafa. Ndinamuyankha m'Chitonga kuti aisiye, ituluka yokha. Anagwedeza mutu movomera, nakhalanso m'beseni.