Kamakina kanati abambo ako ali bwino

Tsiku limenelo ndinkasankha fodya pansi pa chigafa. Iwe Tiyamike unali kumsana kwanga, usanayambe n'kukwawa komwe. Inali nyengo yozizira, mphepo ikutsika kuchokera ku Nyika. Abambo ako anali m'nyumba ya mabelo, akusoka ziguduli.

Ife tinali matenanti pa esiteti ina cha ku Mhuju. Kwathu ndi ku Dedza. Za mkangano wa malo pakati pa eni esiteti ndi anthu a m'midzi yozungulira tinkangomva. Malire ake sitinkawadziwa n'komwe.

Anthu a m'midziwo anabwera dzuwa litangokwera. Ndinayamba kumva wezulo, kenako miyala padenga la ofesi. Alonda anawombera m'mwamba. Anthu sanabwerere.

Zigafa zinali za udzu, zinayaka msanga. Nyumba ya mabelo inali ya njerwa, yopanda mawindo, khomo limodzi. Moto unalowera kudenga. Abambo ako anali atatuluka kale, koma anabwereramo, poti thukuta lathu la chaka chonse linali m'menemo. Anatulutsa belo limodzi n'kulowanso. Ulendo uwu anachedwa. Anatuluka chokwawa, chimanjamanja. Sanapse paliponse.

Tinathawira kumtsinje. Powoloka ndinaterereka, nsalu yokuberekera inanyowa yonse. Tinabisala m'bango mpaka phokoso litapita kutali. Iwe unasiya kulira. Nditakugwira mapazi, anali zii ngati mwala wa m'madzi.

Abambo ako anati mutu ukuwawa. Anasanza m'njira tikupita nawe kuchipatala. Njira ya kumsewu ankaidziwa bwino, koma pamphambano anaima n'kundifunsa ine kolowera.

Pachipatala chaching'ono tinapeza anthu otemedwa atadzaza khonde. Namwino analipo mmodzi, mayi wachitumbuka wovala juzi yobiriwira. Makina opatsa mpweya analiponso amodzi okha.

Namwinoyo anali ndi kamakina kopana chala, konga kopanira zovala pachingwe, koyaka mofiira mkati. Anati kamaonetsa kuchuluka kwa mpweya m'magazi. Anakupana chala chachikulu cha kuphazi. Manambala anadumphadumpha, kenako anaima pa 82. Anapana abambo ako. Kanalemba 98.

"Inu dada muli bwino chomene," anatero. "Mwanayu ndiye wavuta."

Anakuika timapaipi ta mpweya m'mphuno. Abambo ako anakhala pabenchi atatsamira khoma. Anandiuza kuti ndisamayang'ane iwo, ndiziyang'ana mwana.

Ndinakuvula zonyowa n'kukuika pachifuwa, mkati mwa bulauzi. Mayi wina amene sindinkamudziwa anandibwereka chitenje chouma. Pang'onopang'ono mapazi ako anafunda. Unayamba kusaka bere.

Namwino anali kusoka mabala a anthu ena. Atabwerera anakuchotsa timapaipi kwa kanthawi, n'kukupananso. Kanalemba 97. Anati mwina poyamba paja kanalephera chifukwa phazi linali lozizira, magazi sankafika bwino kuchala.

Apo n'kuti abambo ako atagona chammbali pabenchi paja. Ine ndinkayesa atopa. Namwino anawaitana, iwo anangobuula. Anawapananso chala. Kanalembanso 98. Anayang'ana nambalayo, n'kuwayang'ana iwo. Kenako anawerama n'kuona mwaye m'mphuno mwawo.

"Mama, amuna anuwa anali mu utsi?"

Ndinati inde, m'nyumba yotseka. Palibe anali atandifunsa. Ine sindinaione ngati nkhani, poti analibe bala.

Namwino anaweramuka msanga. Anakokera makina a mpweya kubenchi, n'kuwatsegula mpaka pamapeto. Dzuwa linali litapendeka kale.

Ambulansi inafika madzulo. Msewu wachidule anali atautseka ndi mitengo, ndiye tinazungulira. Ndinakhala pansi, iwe uli pamiyendo, dzanja langa lili paphewa la abambo ako. Mbali yaikulu ya ulendowo kamakina kanali pachala chawo, kakulembabe nambala yabwino. Titawoloka mlatho wina manambala anazima. Abambo ako anatisiya tisanalowe pa boma pa Rumphi.

Mawa lake dokotala wa kuchipatala chachikulu anandikhazika pansi. Anati utsi uli ndi poizoni amene amalowa m'magazi n'kukhala pamalo pa mpweya wabwino. Kamakina kaja sikatha kusiyanitsa ziwirizi, kamangoona kuti magazi adzaza. Anatinso munthu akadwalika kwambiri, kapena manja akazizira, nambala yake siyodalira payokha. Ndinamufunsa ngati abambo ako akanachira akanakhala kuti namwino anayamba ndi iwo. Anati sangalonjeze.

Namwino uja sindimusungira chifukwa. Anali yekha, ndipo anthu anali kukha magazi pakhonde. Nambala ija nanenso ndinaiona ndi maso angawa, mtima wanga n'kukhala pansi. Masiku ano ndikapita nawe kuchipatala, asanakupane chala ndimayamba ndanena kumene wachokera ndi zimene wapuma, ngakhale asandifunse.

Tinasungidwa m'tchalitchi china pa boma pamodzi ndi mabanja ena a pa esiteti. Amayi a mpingo anabwera ndi mabulangete ndi phala lako. Ankatilankhula Chichewa chawo chosakaniza, ife n'kumamva. Kumeneko kunalibe wezulo kapena miyala.

Abambo ako tinawaika ku Rumphi komweko, chifukwa ku Dedza kunatalika. Amalume ako anabwera kudzatitenga maliro atatha. Mubasi unagona njira yonse, ukupuma bwinobwino.