Manja a Keziya Salowa M'thovu

Keziya wa kwa Kapondo chikanga chinamugwira asanamere dzino. Anzake akuphunzira kukwawa, iye ankaphunzira kukanda. Lero ali ndi mwana wofika pokwatiwa, koma m'khosi, m'zigongono ndi m'zala mukadali moto, ndipo kuzizira kwa Juni kukafika mphumu imabweranso kudzathandizira. Anesi pa Boma anamuuza mosabisa kuti chikanga choyamba kuukhanda ngati chakecho nthawi zambiri chimazunza kuposa chobwera munthu atakula. Azipaka mafuta, sopo waufa amutalikire.

Vuto linagona pamenepo. Pamaliro, paukwati, amayi amazungulira mulu wa mbale, manja m'thovu. Keziya akangoviika, mawa zala zang'ambika ngati nthaka ya mu Okutobala. Ndiye sankatsuka. A Eliza, apampando a amayi m'mudzimo, anachita kulengeza kuti wosatsuka za anzake, zake adzatsukanso yekha. Ukwati wa Rozi, mwana wa Keziya, unali utayandikira. Mbale za midzi itatu, munthu mmodzi? Nkhanza zenizeni!

"Inenso ndinadwalapo chikangacho chaka chatha," anatero a Eliza pamjigo. "Kupaka kawiri, chinatha. Ulesi basi uwu."

"Chanucho chinali mlendo, mayi, chinagona n'kupita," anayankha Keziya. "Changachi ndi mwini nyumba. Chinandidziwa amuna anga asanandidziwe."

Amayi anaseka mpaka madzi kutayika m'ndowa, koma lamulo silinasinthe.

Loweruka kunali chinkhoswe kwa a Laston. Keziya anafika ndi nkhwangwa, manja atapaka mafuta n'kuwakulunga nsalu. Amuna oyenera kuwaza nkhuni anali pamthunzi, ali kalikiliki kutsutsana za fodya. Keziya anagwera zipika za nkhunizo. Pha! Pha! Thukuta likumuyabwa m'khosi, iye osaleka, mpaka mulu unafika m'chiuno.

"A Eliza, tisinthanetu," anaitana. "Nkhwangwa nayi, ine ndilowe m'thovu."

A Eliza, posafuna manyazi, anaikweza. Inatsika n'kukanirira m'chipika, osazukanso. Amunawo anayang'ana kumbali.

Tsiku la ukwati wa Rozi, amayi anadzaza kuseri kwa nyumba, mbale zili mbwee. Keziya atasuzumira kuti athokoze, a Eliza anamukalipira manja ali thovu lokhalokha.

"Chokani apa amake mkwatibwi, lingakudonthereni! Koma mumve, sabata yamawa kwa a Dalitso kuli chiliza. Nkhwangwa ija musaiiwale."