Wayifayi ya Nafisa pa Nayuchi

Nafisa Laisi anabadwira kwa Mposa, n'kudzakwatiwa ku Nayuchi, pafupi ndi njanji yolowera ku Mozambiki. Amuna ake atamwalira anatsala ndi ana awiri, sola padenga, ndi kabenchi komwe ankatchajirapo anthu mafoni. Mchimwene wake Uladi, amene ankagwira ntchito ku Joni, anamutumizira rauta, kabokosi koyera kogawa intaneti, kuti azilankhulana.

Mu 2024 mvula inadula chimanga chisanamasule. Pofika Okutobala anthu ankagonera mango aawisi owiritsa. Amayi omwe amuna awo anali kunja kwa dziko anayamba kudzaza khonde la Nafisa kuti aziwaimbira, poti bandulo ya intaneti sakanaikwanitsa. Iye anangowapatsa pasiwedi.

Pasiwediyo inayenda mudzi wonse. Anyamata a kabaza ankatsamiritsa njinga kuseri kwa nyumba n'kumaonera mpira, intaneti n'kumakwawa. Tsiku lina kunabwera mai Anastasia, mwana wotupa mapazi ali kumbuyo. Anaimbira amuna awo, mawu n'kumadukaduka, kenako zii. Bandulo ya mu rauta inali itatha. Sanalire ayi. Anangopukuta foniyo ndi chitenje n'kunyamuka.

Nafisa zinamuwawa. Atagula bandulo ina anasintha pasiwedi, koma m'mawa mwake njinga zinali zitabwerera. Mmodzi akangoipeza, anzake ankangojambula kachizindikiro ka pasiwediyo pafoni yake n'kulowa.

"Achimwene, ndasintha koma alowanso," anadandaula kwa Uladi.

"Chemwali, pasiwedi yokha siikwana," anatero Uladi. "Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake. Uiuze rautayo izilandira mafoni okhawo amene iwe wawavomera."

Zolembedwa m'kati mwa rauta zinali za Chingerezi, ndipo Nafisa sukulu analekezera sitandade sikisi. Uladi ankamuwerengera pa zithunzi zomwe ankamutumizira, iye n'kumadina. Atamaliza, foni yake yomwe inakanidwa: anaiwala kuyamba wadzivomera yekha. Anaseka mpaka misozi. Anatenga phini ya mpango wake, n'kubaya kabowo ka kumbuyo kuti rauta iiwale zonse, n'kuyambiranso, ulendo uno popanda womuwerengera. Anachepetsanso liwiro kuti mawu ndi mauthenga zizidutsa, koma kanema azikanika.

Masana kunafika Hassani, mkulu wa anyamata a kabaza, nkhope ili gwa.

"Amayi, mwatitsekera?"

"Iyayi, bweretsani foni ndikuvomereni. Koma mpira sulowanso."

"Nanga ife tipindula chani?"

"Inu mumawoloka malire tsiku lililonse. Mukaona komwe kuli ganyu kapena chakudya, muzitiuza. Amayi anu omwe akupezeka pakhonde pano."

Hassani anatulutsa foni n'kuipereka.

Sabata isanathe, uthenga wake wa mawu unalowa pagulu la Watsapu lomwe Nafisa anatsegula. Mlimi wina wa kutsidya ankafuna anthu okweza mizere, malipiro ake makaka a chinangwa. Nafisa anakweza voliyumu, khonde lonse linaimirira. Mai Anastasia anali atalankhula kale ndi amuna awo bwinobwino, mwana atalandira chiponde kuchipatala, ndipo nawo anapita ku ganyuyo ndi amayi anzawo. Amayiwo anabwerera madzulo atasenza matumba, akuimba ndi kululutira m'mbali mwa njanji. Anatula limodzi pakhomo pa Nafisa. Iye anakana, iwo n'kungolisiya pomwepo.

Njala inapitirira mpaka Malichi, koma makomo omwe ankadalira khonde lija sanasiye kufuka utsi. Anthu atakolola, mwini golosale wina wa ku Utale m'boma la Balaka anamva mbiri yake n'kumuitanitsa kuti akamukonzere wayifayi. Nafisa anavala mpango wake wa pa Idi, n'kukwera sitima yopita ku Balaka. Atafika anapempha mpando, n'kufunsa mwini sitoloyo kuti, "Bambo, tiyambe ndi ichi: mukufuna azilowa ndani?"