Mphuno ya a Mang Teroy

A Mang Teroy sankayamba nyimbo osakoka kaye mpweya m'mphuno. Fwii! kenaka uta n'kutsikira pa zingwe. Kaphokosoko sikanali kakakulu, koma ife oimba viyola tinkakamva tonse, ndipo kunena zoona tinkalowa nyimbo potsatira mphuno yawoyo, osati kamtengo ka Maestro wotiimbitsa. Anyamata a malipenga kumbuyo ankawaseka.

"Mang Teroy, chimfinechi n'cha chaka chiti kodi?"

"Chinandigwira amako asanakubale," ankayankha choncho osacheuka. "Liza chilipenga chakocho mwaulemu, kuno kuli anthu."

Dzina lawo lenileni ndi Sotero Mabansag. Ine ndine Amparo, koma mu okesitira yathu ya kuno ku Manila aliyense amangoti Paring. Ndakhala nawo moyandikana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, tikuwerenga pepala limodzi la nyimbo. Ine ndimakhala kunja, mbali ya oonerera, poti ndine mtsogoleri wa a viyola. Iwo ankakhala mkati, ndipo mwa mwambo wathu wamkati ndiye amatembenuza masamba. Anthu amaiona yopepuka ntchito imeneyi. Akatembenuza msanga wakubisira mzere womaliza, akachedwa wakuponya m'dzenje holo yonse ikumva. A Mang Teroy sanandiponyepo m'dzenje ngakhale kamodzi. Nyimbo yatsopano ikabwera ankapinda timakona ta masamba onse tsiku loyamba lomwelo, pensulo ili pakhutu, akung'ung'udza kuti osindikiza masiku ano saganizira munthu wa manja awiri.

Kutchuka sankakufuna, ndipo pa viyola ngakhale utakufuna sungakupeze. "Ife ndife mpunga, Paring," ankandiuza. "Alendo amayamikira ndiwo. Koma tachotsa mpungawo uone nkhope zawo." Ankakhala m'kachipinda kena ku Sampaloc, okha chimwalirire akazi awo. M'mawa uliwonse ankakwera jipi, minibasi ya kuno, viyola ili pamaondo, ataikumbatira ngati mwana wodwala. Loweruka ankaphunzitsa ana. Mmodzi wa anawo, Gemmalyn, anabwera kwa iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo lero ndi mayi wa ana awiri, woimba nafe pamzere wachitatu. Anatengera zonse za aphunzitsi ake: kagwiridwe ka uta, pensulo pakhutu, ngakhale kukhala m'mphepete mwa mpando.

A Mang Teroy kwawo ndi ku Catbalogan, pachilumba cha Samar. Amayi awo anamwalira iwo akadali wamng'ono, ndiye anawalera ndi achemwali awo aakulu, Mana Leoning, telala wa mayunifolomu a sukulu. Ndiwo anawatengera kwa mphunzitsi wa nyimbo wa kutchalitchi, ndiwonso ankapalasa makina pakhonde kamnyamatako kakukwecha zingwe mpaka agalu a oyandikana nawo kuthawa. Atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Mana anawakweza sitima ya ku Manila ndi phukusi la nsomba zouma komanso barong, malaya aulemu aja, yosoka okha. Chikhalirecho sanawamvepo akuimba mu okesitira. Poyamba chinali chifukwa cha ana aang'ono, kenaka matenda a amuna awo, kenaka maso anayamba kuchita khungu. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Zengerezu analinda kwawukwawu: lero Mana ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu, saonanso, ndipo a Mang Teroy chaka chino n'chomaliza asanapume pa ntchito.

Mwezi wa Juni akuluakulu anatisonkhanitsa kutiwerengera ndondomeko ya nyengo ikubwerayi. Anati ulendo uno sitikhala mu Manila mokha ayi, tizungulira mizinda isanu ndi umodzi ndi nyimbo zakale za ku Ulaya zija. Anatchula Baguio, anatchula Legazpi, ndipo wachitatu anatchula Catbalogan. Okesitira yathu sinapondeko kumeneko chiyambire. A Mang Teroy anaimirira osadziwa kuti aimirira, pensulo n'kugwa pansi.

Masana ku kantini anaimbira foni achemwali awo, akukuwa m'chilankhulo cha kwawo ngati mawuwo awoloke nyanja okha. Atatseka foni anali akupukuta m'maso ndi kapepala kopukutira pakamwa.

"Akuti akasoketsa diresi latsopano," anatero. "Munthu wosaona! Akuti labuluu. Ndawafunsa kuti mudzadziwa bwanji kuti ndi labuluu, akuti iwe Teroy usandiyankhe ngati ndine mnzako."

Chakudza sichiimba ng'oma. Patatha mlungu umodzi kunabwera chikalata chachiwiri. Maholo a m'mizindayo ndi aang'ono, ndiye sitipita tonse. Ife a viyola tilipo asanu ndi atatu, opita ndi asanu ndi mmodzi. Maestro wathu ndi watsopano, wangotha nafe miyezi inayi, ndipo anati iye sadziwa za ukulu wa munthu, amadziwa makutu ake. Kudzakhala mayeso kuseri kwa katani. Ine monga mtsogoleri sindinayesedwe, anandiika pakati pa oweruza atatu, pamodzi ndi Maestro ndi mphunzitsi wina wa ku yunivesite.

Mayeso amenewa ali ndi malamulo ake. Woyesedwa amatola nambala m'chipewa. Amavula nsapato n'kuyenda pa kapeti, kuti oweruza tisadziwe ngati akubwera ndi mwamuna kapena mkazi. Salankhula, satsokomola. Akachita chilichonse chodzidziwitsa kwa oweruza, wagwa pomwepo.

Ine ndinali ndi mantha, chifukwa ndinkadziwa kuti zala za a Mang Teroy sizithamanganso ngati kale. Kutatsala tsiku limodzi tinadya limodzi ku kantini.

"Mang Teroy," ndinatero ndikuyang'ana m'mbale, "mawa mphunoyo musakaiiwale kunyumba."



"Iwe Paring, ukufuna kundiuza chiyani?"

"Palibe. Ndangoti."

"Idya mpungawo, ukuzizira."

M'mawa mwake tinakhala atatu pakati pa holo, chikatani chakuda chili kutsogolo kwathu. Nambala yoyamba inaimba, yachiwiri inaimba. Ine sindinkamvera nyimbo, ndinkangotchera khutu kudikira mphuno.

Nambala yachitatu inakhala chete nthawi yaitali mpaka Maestro anayang'ana wotchi. Itayamba, uta unanjenjemera, mawu oyambirira anatuluka otsimphina. Ndinaona Maestro akulemba. Koma itafika pa gawo loimba pang'onopang'ono, kunatuluka mawu akuya, ofunda, osafulumira. Mphunzitsi wa ku yunivesite anasiya kusewera ndi cholembera. Ndinadzifunsa kuti kodi mwa anthu okhala kumbuyo kwangawa ndani amaimba chonchi ine osadziwa. Ndinamumvera chisoni munthuyo chifukwa cha kuyamba kwake, koma sanali amene ndinkamudikira.

Nambala yachinayi inadutsa. Kenaka yachisanu. Fwii! Mtima wanga unakhala pansi. Anzanga awiriwo sanamve kanthu, poti kwa iwo munthu wangopuma basi. Nambala yachisanu inaimba moyera, mwaliwiro, osaphonya paliponse, ngakhale gawo lapang'onopang'ono lija inangolidutsa ngati munthu wowerenga chidziwitso cha pakhoma. Ndinati mkuluyu wachenjera, sakufuna kudziika pangozi. Malikisi ndinali nditalemba kale nyimbo isanathe.

Pokambirana, anayi anadutsa popanda mkangano, ndipo nambala yachisanu ndi chimodzi tinaigwetsa tonse. Unatsala mpando umodzi, anthu awiri. Maestro ankafuna nambala yachitatu. "Wayamba moipa, inde, koma munthuyu ali ndi kanthu m'chifuwa." Mphunzitsi uja ankafuna yachisanu, akuti paulendo pamafunika munthu wosagwedezeka. Onse anatembenukira kwa ine.

"Mayi Amparo, anthuwa ndi anu. Mukuti bwanji?"

Ndikanangoweruza ndi makutu anga, ndikanati yachitatu, osaganiza kawiri. Ndinati yachisanu. Sindinalekere pomwepo ayi. Ndinalankhula ngati loya, kuti uta wonjenjemera umapatsira gulu lonse, kuti munthu amene katani yokha yamuopsa adzatani pamaso pa anthu mazana. Maestro anagwedeza mutu n'kusaina. Mlembi anatsegula envelopu ya maina n'kuyamba kuwerenga. Nambala yachisanu, Gemmalyn. Nambala yachitatu, Sotero Mabansag.

Amati chifundo chinapha nkhwali. Changa chinapha munthu wina, ine n'kutsala wamoyo.

A Mang Teroy ndinawapeza atakhala pamasitepe a kuseri kwa holo, akulimbana ndi nsapato.

"Nsapatozi zafupika kapena ndi mapazi atupa?" anatero osandiyang'ana.

"Bwanji simunakoke mpweya?"

"Lamulo likuti chiyani?"

"Lamulo! Inu Mang Teroy, lamulo la chiyani?"

"Ndikanakoka ukanandidziwa. Ukanandidziwa ukanandikondera, si umandiuza zimenezo dzulo? Zaka zonsezi ndakutembenuzira masamba kuti ukakalambe uli wakuba?" Anamanga chingwe cha nsapato n'kuchimasulanso. "Ndinaumitsa mphuno, ndiye dzanja linasowa poyambira. Chiyambire ndili mwana sindinayambepo nyimbo mwa mtundu umenewo. Ndinali ngati munthu wotsika masitepe atamangidwa m'maso."

Kenaka anakweza mutu n'kundifunsa.

"Koma mwaweruza mwachilungamo, eti? Ngati n'choncho palibe mlandu, ndikagona tulo."

"Eya," ndinatero. Limenelo linali bodza langa lachiwiri tsiku limenelo.

Chimene chimandiwawa kwambiri si mphunoyo. Zoti Gemmalyn anatengeranso kukoka mpweya sindikanadziwa, poti fwii wa pambali pa khutu langa ankaphimba wa kumbuyo. Chimandiwawa n'chakuti munthu ndakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndimadziwa fungo la mafuta amene amapaka m'mawondo, ndimadziwa kuti salola anyezi m'mazira, koma mawu a viyola yawo sindinawazindikire. Nthawi zonse ndinkawamva atasakanikirana ndi anga. Zikatuluka bwino ndinkayesa ndine.

Ndinaganiza zokaulula kwa Maestro. Koma ndikaulula, Gemmalyn agwa chifukwa cha lamulo lodzidziwitsa lija, chonsecho iye sadziwa n'komwe kuti amakoka mpweya. Ndipo a Mang Teroy sangakhale pampando wolandidwa kwa mwana amene anamuphunzitsa okha. Mwanayo anapita yekha akulira kukawauza kuti awasiyira malo, ndipo anamukalipira mpaka alonda a pageti anamva. Ndinapempha kuti nditsale ineyo. Maestro anati mtsogoleri satsala, mapepala asainidwa kale. Njira zonse zinatsekeka, ndipo wotseka ndinali ine.

Mlungu watha a Mang Teroy anabwera pa nthawi yopuma atanyamula mapepala onse a nyimbo za ulendowu, timakona topindidwa kale. Anapatsa Gemmalyn, amene tsopano akukhala mkati pambali panga, n'kumuuza kuti tsamba lachisanu ndi chinayi azitembenuza msanga chifukwa Paring amathamanga pamenepo koma savomera. Kenaka anandikokera pakona.

"Mana sindinawauze," anatero. "Ndipo sindiwauza. Diresi latha kale kusokedwa."

"Nanga tsikulo likafika?"

"Ndidzanyamuka ndekha pa basi, kuwoloka pa sitima, tsiku limodzi ndi usiku wake ndafika. Ndidzavala barong yanga, ndidzakhala kuseri pamodzi ndi mabokosi a zoimbira. Mukamaliza ndidzatulukira khomo la oimba nditanyamula viyola. Mdzukulu wawo amene amawatsogolera ndapangana naye kale. Iwe ungoonetsetsa kuti awakhazika kutsogolo, mbali yanu."

"Mang Teroy, tauni yonse ili ndi maso."

"Aa, iwe! Ndi liti unaona munthu akuyang'ana a viyola?" Anaseka, koma kusekako kunathera panjira. "Mana nyimbo za azunguzi sazidziwa. Chimene amadziwa ndi mphuno, anaimva zaka zisanu ndi zitatu pakhonde paja. Ndiye mwanayu amakoka mpweya ndendende ngati ine. Sunazindikire?"

Anandiyang'ana m'maso ponena zimenezo, modekha, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati linali funso chabe.

Tinyamuka pakatha milungu itatu. Zikwangwani zamatidwa kale, ndipo akuti matikiti a ku Catbalogan anatha tsiku limodzi. Ine ndikakhala kunja monga mwa masiku onse, ndikuona mayi wokalamba wa diresi labuluu akutchera khutu. Ndikudziwa kuti akamva fwii nkhope yawo idzawala, chifukwa inenso yanga inawala. Pochoka tsiku lija, a Mang Teroy anabwerera ali pakhomo.

"Paring, Mana adzakufunsa, poti amadziwa kuti timakhala limodzi. Udzawauze kuti ndimaimba bwino."

Pa zonsezi, chimenecho chokha ndicho ndidzanene popanda kunama. Ndinawamva kamodzi akuimba okha, ndipo ndinawagwetsa.