Kampando Kokwerera Pakhonde

Nyumba yathu ili pamtsetse, kamtunda pang'ono kuchokera pa Malomo. Pomanga tinakweza maziko poopa madzi otsika m'phiri, ndiye khonde lake limafika m'bondo. Zaka zonsezi palibe ankaliganizira. Koma chaka chatha nyamakazi inagwira akazi anga m'chiuno. Potsika anayamba kukhala pansi n'kumadzikhwekhwereza, pokwera ankakwawa. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anafika tsiku lina n'kuwapeza ali chokwawa, ndodo ataiponya patsogolo.

"Ababa, amayi ndikuwatenga," anatero. "Kwanga kulibe chokwera."

Amayi ake anakana, ati sangakakhale kumpanda kumangoyang'ana khoma. Mwanayo anatipatsa mwezi umodzi. Akadzabweranso n'kupeza akukwawabe, adzanyamuka nawo tsiku lomwelo.

Ndine mkamwini pamudzi pano. Munda ndi wa akazi anga, abale ndi a akazi anga, ndipo iwo atachoka sindikudziwa kuti ndikanatsala ngati ndani. Komabe ndinalibe pakamwa ponenera kuti musandisiye, chifukwa woyamba kusiya mnzake ndinali ine.

Titangokwatirana ndinapita kukagwira utenanti ku esiteti ya fodya ku Kasungu, kuwasiya ndi mwana wathu woyamba, wamwamuna, akuyamwa. Kumeneko ndinkanama kuti ndinaphunzira. Ndinkayenda ndi cholembera m'thumba la malaya. Kalata itabwera kuchokera kumudzi, ndinachita manyazi kupempha mnzanga kuti andiwerengere, ndipo ndinaisunga masabata atatu. Pamene ndinalimba mtima n'kuipereka kwa kapitawo, inkanena kuti mwana wadwala kwambiri, ndibwere msanga. Ndinafika atamuika kale. Ndinanena kuti kalata inachedwa m'njira, ndipo mpaka lero ndi zimene akazi anga amadziwa. Sukulu ya kwacha ndinalowa imvi zitayamba. Nditadziwa zilembo ndi manambala ndinayamba kuzinyadira mopitirira, ngati zingabweze kanthu.

Masitepe a njerwa ndi dothi tinayesapo kale, madzi a padenga anawagumula. Ndinaganiza zopanga kampando kokwerera, kamene tingamakanyamulenso kupita nako pabedi. Kudenga kunali matabwa a mlombwa a chitseko cha nyumba yathu yoyamba. Ndinawamanga panjinga kupita nawo kwa kalipentala wina pa Malomo, mnzanga amene tinkaweta naye mbuzi tili ana.

"Madala, mwabweretsa matabwa a bokosi lanu?" anandifunsa. "Dikirani mufe kaye, ndidzakupangirani lokongola."

Nditamufotokozera, anasiya kuseka. Ndinamuuza kuti ndikufuna kupanga ndi manja anga, angondigulitsa misomali.

"Chopondapo munthu wodwala sitikhoma misomali, achimwene. Msomali umagwira lero, mvula ikadutsa wayamba kugwedera. Khalani pansi ndikuonetseni."

Anatenga zidutswa ziwiri. China anachiboola bowo la ngodya zinayi ndi tchizulo. Chinacho anachisema kumapeto kuti kukhale ngati lilime. Lilimelo linalowa m'bowo n'kutulukira kuseri, ndipo m'mbali yotulukirayo anaboola kabowo kena n'kukhomamo chikhomo chamtengo. Anandipatsa kuti ndikoke. Ndinakoka mpaka thukuta, osasuntha. Anandibwereka sowo, puleni, tchizulo ziwiri ndi nyundo yamtengo, n'kundichenjeza kuti ndikabweza tchizulo yobuntha asadzandionenso.

Ndinagwira ntchitoyo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kum'mawa kulikonse ndikachoka kudimba. Puleni itachotsa khungu lakuda la utsi, mlombwa unatuluka wofiirira ngati wadulidwa dzulo, fungo lake lomwe lija. Bowo loyamba ndinaliboola kuchokera mbali imodzi, thabwa n'kunyotsoka kuseri. Apo ndinakumbukira kuti mnzanga anati uziboola mbali zonse ziwiri, zikakumane pakati. Anandiuzanso za makala: umapaka makala m'kati mwa bowo, n'kulowetsa lilime, ndipo pamene padetsedwa ndi pamene pakuthina. Umasema pamenepo pokha, pang'onopang'ono ngati ukusenda mbatata yaing'ono. Lilime limodzi linkanditengera tsiku. Manja anga amanjenjemera masiku ano, koma ndikagwira tchizulo ankadekha, ndipo mutu unkapuma ku zimene umandikumbutsa ndikakhala chabe.

Pa zoyeza ndinadzidalira. Ndinayeza khonde ndi tepi, ndinalemba manambala m'kope, ndinagawa mofanana kuti masitepe akhale awiri. Kampando katatha ndinakwerapo ndekha kangapo, ndinadumphapo. Sikanalire n'komwe. Ndinakaika pakhonde n'kuitana akazi anga, mtima uli m'mwamba.

Anatulukira kukhitchini ndi ndodo yawo, anakayang'ana, anakagwira. Anayesa kukweza phazi. Linafika theka la sitepe yoyamba n'kubwerera pansi. Anayesanso, nkhope ikuonetsa ululu.

"N'kokongola, abambo," anatero. "Koma munayeza mwendo wa ndani?"

Panali patatsala masiku asanu ndi anayi kuti mwezi uja ukwane. Ndinabwerera pa Malomo ndi kampandoko panjinga. Mnzanga anamvetsera, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Munayeza khonde? Likudwala ndi khonde? Telala amene asoka diresi amayeza chitseko?"

Anatenga nyundo yamtengo, anagogoda zikhomo zija cham'munsi, zonse zinatuluka. Kampando kanamasuka kukhala matabwa anayi, opanda pong'ambika. Anati ikanakhala misomali tikanawaza nkhuni. Matabwa a m'mbali anali otambalala, malo oboola mabowo atsopano analipo. Anandiwonjezera kachidutswa ka mlombwa ka sitepe yachitatu, n'kundiuza kuti tepi ndikaisiye m'thumba, ndikafunse phazi.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinapempha akazi anga kuti aime agwire mzati wa khonde. Ndinabweretsa njerwa n'kugwada patsogolo pawo.

"Dzukani abambo, anthu akudutsa. Mwamuna wamkulu kugwadira mkazi?"

"Aone."

"Zaka zonsezi wogwada ndinali ine, pokupatsani madzi. Lero dziko latembenuka."

"Kwezani phazi, mayi."

Njerwa imodzi anaiponda bwinobwino. Ziwiri zosanjikiza anaziponda akulimba ndi mzati. Zitatu zinakanika. Ndinagwira kakolo wawo kuti ndione pamene mwendo ukulekera. Phazi linali lopepuka, chidendene chong'ambika ndi dothi la munda umene anaulima okha zaka zimene ine ndinali ku fodya. Mawu a kalata ija anafika pakhosi. Sindinawatulutse. Sindikudziwa ngati kunali kuwamvera chisoni kapena mantha anga omwe aja.

"Mwaugwira mwendowu ngati mukufuna kugula mbuzi," anatero. "Usiyeni, ndatopa."

Ndisanadzuke ndinaona chinanso chimene tepi sikanandiuza. Iwo sakwera phazi ili apa, linalo pamwamba. Amabweretsa mapazi onse awiri pamalo amodzi, n'kupuma, ndodo ili pambali. Sitepe iliyonse inafunika malo a mapazi awiri ndi ndodo. Ndinathyola phesi la chimanga lofanana ndi njerwa ziwiri, ndipo ndi limene ndinayezera mabowo onse atsopano. Akale aja ndinawatseka ndi tizidutswa. Amaonekabe, ngati zigamba pa buluku.

Mwana wathu anafika Loweruka m'mawa ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu, cholongedzamo zovala za amayi ake. Anapeza kampando pakhonde. Anakagwedeza ndi manja awiri. Anavula nsapato n'kukwerapo, ndipo iye si munthu wochepa thupi.

"Wapanga ndani?"

"Bambo ako," anayankha amayi ake.

"Opanda msomali? Ababa, mukufuna kuwapha amayi?"

"Chokapo ndidutse," anatero amayi ake.

Anatsika. Phazi, linzake, ndodo. Phazi, linzake, ndodo. Atafika pansi anatembenuka n'kukwera, osagwira pansi ndi dzanja. Mwanayo anati abwerezenso. Anabwereza. Atanena kachitatu, amayi ake anamufunsa ngati wabwera kudzaona mayi ake kapena kudzayesa ng'ombe zapangolo.

Mwanayo anakhala pa sitepe yapakati akusisita chikhomo chimodzi ndi chala. Kenaka anati nthawi ya mvula thabwa lidzaterera, ndiye atumiza mphira woti ndidzayale pamwamba, ndipo adzabweranso kudzaona. Sanalonjeze zoposa pamenepo, ndipo ine sindinapemphe.

Ndimathokoza mnzanga wa pa Malomo, amene anandiseka koma anandiphunzitsa. Ndimathokoza Mulungu kuti anandisiyira manja oti n'kugwirabe tchizulo pamene anafunika. Lamulungu masana tinalongedza mtedza ndi mbatata m'chikwama chija, ndinachimanga panjinga, n'kuperekeza mwana wathu kukakwera minibasi. Pobwerera ndinapeza akazi anga atatsika okha, ali pabwalo akupeta nyemba, akukalipira nkhuku.