Tsiku limene kompyuta yanga inada kuti bii

Ndikukumbukira bwino amene analipo tsiku limenelo, ndipo ndiwatchula kuti wina asadzanene kuti mkuluyu akuwonjeza. Panali alamu anga a Aidani ochokera ku Liuli, alongo ake a malemu mkazi wanga. Panali a Anasitaziya, mng'ono wa malemuyo, amene anachita kuwoloka nyanja kuchokera ku Nkhata Bay. Panali mwana wanga Rozi, ndi fundi Komba wokonza mafoni, amene duka lake linagundana ndi langa pano pa Mbamba Bay. Mwana wanga Petro anali kuntchito ku Songea, koma naye ndimuwerengera, poti mawu ake analipo pa foni.

Anzanga akamalemba amakamba za ubwana wawo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo phunziro ili linandipeza ndili ndi imvi kale, n'kundikhazika pansi ngati kamwana koyamba kumene sukulu.

Nditasiya usodzi chifukwa cha msana, Petro anandipezera kompyuta yakale kuti ndiziikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Anaikamo Linux, ati imeneyo sivutika ndi mavairasi obwera ndi mafulashi a anthu. Zolembedwa ndinalibe nazo ntchito. Ndinkayendera zithunzi basi, ndipo ntchito ndinkaidziwa. Kafunseni a bodaboda onse a kudoko, anyamata a njinga zamoto aja.

M'kompyutamo munali chinthu chimodzi chosagulitsa: nyimbo imene amake Petro anatsogolera ndi kwaya ya kwawo asanadwale. Foni imene inajambula inagwera m'madzi kalekale, ndiye mawu awo anatsala mmenemo mokha. Tsiku lina ndinapeza Rozi ali pafupi kuikira mwini bala la mowa nyimbo zonse za kwaya, ya mayi ake ili momwemo. Ndinaganiza ndekha: ndi pati pamene munthu sangakopere kanthu? Ndinaikokera pa kachithunzi ka chidebe cha zinyalala, n'kulamula kuti chidebecho wina asadzachikhuthule. Chifukwa chake sindinauze munthu. Ndikafuna kumva mkazi wanga ndinkaitulutsa, ndikatha n'kuibwezera. Mafilimu otha ntchito nawo ndinkaponya momwemo, miyezi ndi miyezi.

Tsikulo tinali titachokera kumapemphero okumbukira malemu, ndipo ndinali nditalonjeza alendo kuti amva mawu a m'bale wawo. Titafika m'duka, ndinayatsa kompyuta ndi manja awiri ngati wansembe. Ndinalemba pasiwedi, galasi linada kuti bii, kenako n'kubwerera pofunsa pasiwedi pomwe paja. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndinaimenya khofi m'mbali monga tinkachitira ndi wailesi. Ndinazula chingwe n'kubwezera. Ayi ndithu.

"Mzee, iyi yafa," anatero Komba. "Tiifomate, tifufute zonse, tiyambe zatsopano."

"Ufomate mutu wakowo!" ndinakuwa, mpaka nkhuku zinabalalika panja.

Rozi anaimbira Petro n'kuika foni pa tebulo kuti tonse tizimva.

"Baba, mwaimenya kale?"

"Pang'ono."

"Basi, yakwana. Dinani Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi."

Ndinadina ndi zala zitatu. Zithunzi zanga zonse kunalibe, kunangobwera mdima ndi timalemba toyera, kamzere kakuphethira ngati kakundidikira. Petro anati ndilembe dzina langa ndi pasiwedi. Polemba pasiwediyo sipankaoneka kanthu, ndiye ndinayambanso kukalipa kuti mabatani afa.

"Sanafe, Baba. Imabisa dala. Lembani, dinani Enter."

Kenako anandiuza ndilembe df, ndisiye mpata, kamzere kogona, ndi h. Chilembo chilichonse ndinkachisaka ndi chala chimodzi alamu akundiyang'ana, thukuta lili kamukamu. Kunabwera manambala, ndipo Rozi anawerenga mzere wina wokhala ndi 100%.

"Ndiye matenda ake amenewo," anatero Petro. "Sinafe, yakhuta. Ilibe ndi poponda pomwe, n'chifukwa ikukubwezani pakhomo. Kawirikawiri chimakhala chidebe cha zinyalala. Tikachikhuthula ipuma."

Apo mtima wanga unagwa. Ine amene ndikaitana munthu kudoko amamva ali kumsika, pakamwa panauma gwa. Ndinene bwanji pamaso pa a Aidani kuti mlongo wawo ndinamuika m'zinyalala?

Komba anaona ngati ndatopa. "Pishani Mzee, ndipatseni malo, izi ndimazidziwa," anatero, n'kukoka kiyibodi. Zala zake zinathamanga. Ndinaona r ndi m, kenako mzere wautali. Ndinkadziwa kuti akuchotsa, koma chifukwa cha manyazi sindinamuletse.

"Akulemba mothamanga choncho ndani?" anafunsa Petro.

"Ndine Komba. Ndalemba rm, ndingodina."

"Osadina! Achimwene, rm sifunsa kawiri, ndipo chimene yachotsa sichipita m'chidebe china ayi, chapita. Fufutani mzerewo. Sitichotsa chinthu tisanachione. Lembani ls, tione kaye zilimo."

Komba anadandaula kuti zinyalala n'zinyalala, koma anamvera. Maina anatsika ambirimbiri, ndipo Rozi anayamba kuwerenga mokweza: mafilimu a nkhondo, a karate, nyimbo za dansi. Kenako anaima.

"Apa palembedwa kuti Amama kwaya."

Komba anachotsa manja pa kiyibodi ngati yamuotcha.

"Alamu," anatero a Aidani pang'onopang'ono, "mlongo wanga ali m'zinyalala?"

Ndinaimirira. Mawu anabwerera, koma anali aang'ono. Ndinafotokoza za mwini bala uja, kuti sindinafune mkazi wanga aziimbira anthu oledzera, ndi kuti pamalo ponse m'makinamo ndinaona kuti pokhapo ndi posafika dzanja la munthu. Amene anandipulumutsa ndi a Anasitaziya, amene anayamba kuseka misozi ili m'masaya.

"Munapezana ndithu! Achemwali nawo ankabisa shuga m'chitini cha mankhwala a makoswe kuti ana asanyambite."

A Aidani anapukusa mutu, nawo n'kumwetulira. "Haya, mutulutseni."

Ndinakana kuti wina andilembere. Petro anandiuza mv, kuti ndiko kusamutsa chinthu. Dzina linali lalitali, koma anandiphunzitsa kuti ndikalemba zilembo zoyamba n'kudina Tab, makina amamaliza okha. Ndinaseka ndekha: kani alipo wothandiza anthu a sukulu yochepa! Tinayang'ananso ndi ls kuti nyimbo yafikadi kumalo kwatsopano. Pamenepo m'pamene Petro analola Komba kuchotsa zotsalazo. Ndinalemba reboot ndi chala changa, zithunzi zanga zinabwerera, ndipo amake Petro anaimba. Za mmene tinakhalira pomvera sindilemba.

Lero kompyuta ikavuta sindiimenya. Ndimapita kumdima kuja n'kuifunsa, ndipo imanena chimene chikuipweteka, bola munthu aleze mtima powerenga. Ndinazindikiranso kuti chimene chikanandiphera mawu a mkazi wanga si makina, si Komba, koma kukhala chete kwanga pa nthawi yokhayo imene kukuwa kunkafunika.

Alendo atapita Petro anaimbanso foni. Ndinkayembekeza kuti andinyoza, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Koma anati:

"Baba, chinthu chokhala pamalo amodzi sichinasungidwe. Ndikabwera ndibweretsa mafulashi, ina ikakhale kwa amalume ku Liuli, ina iwoloke nyanja kupita ku Nkhata Bay. Ndipo ina mundiikire ineyo. Inu mwakhala mukuwamva nokha chaka chonse. Nanenso ndi amayi anga."